Mtsikana Wachibwibwi Amene Anazimitsa Ng'anjo ya Nyukiliya

Inu amene mwalephera chinthu kawiri, ndipo mtima ukukuuzani kuti kuyesa kachitatu n'kungodzichotsa ulemu, takhalani pansi ndikuuzeni za Smaranda.

Tsiku limene Smaranda Olaru analephera mayeso kachiwiri, sanalire. Anatuluka m'chipinda chowongolera makina, navula jasi loyera la pantchito, n'kukakhala pabenchi ya kuseri kwa nyumba pamene antchito amasutirapo fodya. Unali mwezi wa Epulo. Mitengo ya mapulamu inali mbee ndi maluwa, koma iye ankangoyang'ana nsapato zake.

Malo amene ankagwira ntchitowo ali kunja kwa katawuni kena kwathu kuno ku Romania, kuseri kwa nkhalango. Kumeneko kuli ng'anjo ya nyukiliya yaing'ono. Si zazikulu zija zopanga magetsi ayi. Iyi ndi yophunzirirapo, komanso yopangira mankhwala amene madokotala amaunikira nawo m'thupi mwa odwala khansa. Imakhala pansi pa dziwe lakuya la madzi oyera, ndipo ikayaka madziwo amawala mobiriwira ngati thambo lopanda mtambo. Antchito ankangoitchula kuti Nkhalamba, poti ambiri a iwo anaipeza ili kale ndi imvi.

Nkhalambayi saiyendetsa munthu wamba. Pamafunika chiphaso, ndipo chiphasocho amapereka ndi a bungwe la boma loyang'anira za nyukiliya, amene amachokera kulikulu kudzamuyesa munthu maso ndi maso. Mwayi unali utatu basi. Ukalephera kachitatu, mpando umenewo uuiwale.

Mayeso olemba Smaranda anakhoza kuposa anzake onse. Mawaya a m'nyumbamo ankawadziwa ngati zala zake. Vuto linali limodzi: anali wachibwibwi.

M'mawa umenewo woyesa anali Mayi Cernat, mzimayi wamfupi wa imvi amene sankamwetulira pantchito. Iwo anati, "Tiyerekeze kuti pampu ya madzi yaima. Chitani zoyenera, ndipo muchenjeze anthu onse m'nyumba muno."

Manja a Smaranda anachita zonse bwinobwino. Koma atanyamula cholankhulira kuti mawu ake amveke pa zimkuzamawu, lilime linauma gwa. Liwu loyamba linakakamira pakhosi. Analikankha, namva kuti likubwera lodukaduka, ndipo m'maganizo mwake anaona anthu onse m'makonde akugwira nthiti ndi phwete. Anabweza cholankhuliracho pamalo pake, n'kukhala duu. Chaka chapitacho zinatha chimodzimodzi.

Kukhala duu kumeneku anakuphunzira ali mwana. Smaranda anakulira kunyumba ya ana amasiye, imodzi mwa nyumba zozizira zija zimene tonsefe timazyolika tikazikumbukira. Mayi ake sanawadziwe, bambo ake n'komwe. Akati atsegule pakamwa, ana anzake ankadzigwetsa pansi n'kumakuwa, "Bisalani, mfuti yayamba! Ta-ta-ta-ta!" Aphunzitsi ankamudumpha pofunsa mafunso kuti nthawi isathe. Mwanayo anazindikira msanga kuti munthu wosalankhula sasekedwa.

Anakonda mawaya chifukwa mawaya safunsa mafunso. Anaphunzira zamagetsi, napeza ntchito yokonza zipangizo pamalo a ng'anjowo, ndipo akaweruka ankapita kusukulu ya madzulo mpaka anakhala injiniya. Zonsezi anazichita ndi mawu ochepa kwambiri moti ena pantchitopo ankayesa kuti ndi wonyada.

Amene anamupeza pabenchi paja anali a Tudose, mkulu wa gulu loyendetsa ng'anjo, bambo wachikulire wa ndevu zapamlomo zimene fodya anazisandutsa zachikasu. Ndiwo anamuchotsa kokonza zipangizo n'kumukhazika pambali pawo kuti aphunzire ntchito. Smaranda ankawaitana kuti amalume, ngakhale panalibe chibale chilichonse.

"Sendera uko iwe, benchi si yako wekha," anatero a Tudose. Anakhala pansi, nafunyulula buledi ndi tchizi, n'kumunyemerako theka. "Idya. Munthu amalephera bwino m'mimba muli kanthu."

Smaranda anangogwira bulediyo. "Ndi-ndikupita ku Italy, amalume."

"Ukatani ku Italy? Apapa akuitana?"

"Ku-kukasamalira nkhalamba. A-atsikana onse akupita."

"Nkhalamba zatisowa kuno? Ina ili m'madzimo, ina ndi ino yakupatsa buledi."

Smaranda sanaseke. "Ku-kumeneko ndikakhala chete, a-adzangoti sadziwa chinenero. Pa-palibe adzadabwe."

A Tudose anasiya kutafuna. Mawuwo anawalasa mumtima.

Nthawi yomweyo anatulukira Mayi Cernat, chikwama kumanja, akudikira galimoto yowatengera kusiteshoni. Anali atangochoka mu ofesi ya bwana wamkulu, amene anawachonderera kuti angomupatsa mtsikanayo chiphaso poti ntchito ankaidziwa. Iwo anakana. Ataona awiriwo anaima, kenako anabwera n'kukhala kunsonga kwa benchi.

"A Olaru, mukuganiza kuti ndakulepheretsani chifukwa chiyani?"

Smaranda anayang'ana pansi. "Chi-chi-chibwibwi."

"Ayi. M'malamulo amene ndimatsata mulibe liwu loti chibwibwi. Mukanalimbana nalo liwu lija mpaka litatuluka, ine ndikanadikira, ndipo anthu akanamva. Liwu loduka ndi liwu ndithu. Koma inu munabweza cholankhulira." Anapumira kaye. "M'chipinda chija munthu wochedwa kulankhula ndingamukhulupirire. Wokhala chete sindingamukhulupirire, chifukwa tsiku lina adzaona choipa n'kuchimeza."

Galimoto inaimba hutala kugeti. Mayi Cernat anaimirira, nakonza chikwama chawo.

"Ndibweranso mwezi wa Novembala. Sindidzakuchitirani chifundo. Inu simukusowa chifundo."

Wakutsina khutu ndi mnansi. Moyo wake wonse Smaranda ankaganiza kuti mdani wake ndi lilime. Tsiku limenelo munthu woyamba anamuuza kuti mdaniyo ndi chete uja amene iye ankamuyesa bwenzi.

Nkhaniyi sinali ya Smaranda yekha. Nayonso Nkhalamba inali ndi chiphaso chake, chimene chinkatha kumapeto kwa chakacho, ndipo boma silikanachiwonjezera popanda anthu okwanira ovomerezeka kuiyendetsa. Achikulire ankapuma, achinyamata ankathawira kunja. Octav, mnyamata yekhayo wachiphaso amene anatsala, anali atapeza kale ntchito ku Canada. Ng'anjo ikanatsekedwa, zipatala za chigawo chathu zikanamadikira mankhwala ochokera kutali, chonsecho mankhwala amenewa amatha mphamvu ali m'njira.

"Loweruka ubwere kwathu m'mamawa," anatero a Tudose madzulo ake. "Azakhali ako akufuna wowathandiza kumsika."

Akazi awo, Mayi Floarea, anali mayi wojintcha wa mawu ngati belu la tchalitchi. Ankagulitsa tchizi, mazira, ndipo nthawi yake ikakwana, mapulamu. Loweruka limenelo Smaranda anawapeza atakulunga mpango m'khosi, akunong'ona momvetsa chisoni.

"Pakhosi panga, mwanawe, patseka. Lero uitana anthu ndiwe. Tchizi sadzigulitsa yekha."

Smaranda anaima kuseri kwa tebulo. Anthu ankangodutsa. Amayi a matebulo ena ankakuwa ngati akukangana ndi Mulungu. Iye anapuma kwambiri, natseka maso, n'kuyamba.

"Tchi... tchi... tchi..."

"Moyo!" anayankha bambo wogulitsa anyezi pambali pake, poyesa kuti mtsikanayo akuyetsemula.

Anthu anafa nacho chikhakhali. Smaranda anamva kutentha kumaso, mapazi akufuna kuthawa. Koma atamuyang'ana bamboyo, anaona kuti sanalinge kunyoza. Anali kakasi, wosadziwa chimene walakwa. Mwadzidzidzi naye anaphulika kuseka. Aka kanali koyamba m'moyo wake kuseka pamodzi ndi anthu amene akuseka mawu ake.

"Tchi-tchizi!" anakuwa misozi ili m'maso. "Tchizi wa-wabwino!"

"Eyaa, choncho!" anabangula Mayi Floarea, msika wonse n'kumva. Kenako anakumbukira kuti akudwala, nayamba kutsokomola mwabodza.

"Mankhwala ake ndi ati amenewa, Floarea?" anafunsa wa anyezi uja. "Tigawireko, apongozi anga akudwalanso pakhosi."

"Ako aja asiye choncho, Mulungu anakumvera chisoni."

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse Smaranda ankapezeka pamsika. Musaganize kuti zinali zoseketsa zokhazokha. Tsiku lina kukutentha, kunabwera mwamuna wovala bwino ali ndi anzake awiri. Atamva mtsikanayo akutchula mtengo, anapotoza kamwa n'kumuyeserera, "Zi-zi-zingati, chi-chi-chiphadzuwa?" Anzakewo anaseka kuseka kuja kwa kunyumba ya ana amasiye, kumene Smaranda ankakudziwa bwino.

Smaranda anasiya mpeni wodulira tchizi patebulo n'kuchoka. Anayenda osacheuka mpaka pamalo pamene pamaima mabasi opita ku Italy. Panali atsikana ndi zikwama zawo, ena akutsanzikana ndi ana awo. Anakhala pamwala n'kumawayang'ana nthawi yaitali. Palibe chodabwitsa chinachitika. Palibe anabwera kudzamunyengerera. Anangokumbukira kuti miyendo ya Mayi Floarea imatupa akaima nthawi yaitali, ndipo madengu akuyenera kunyamulidwa. Anadzuka n'kubwerera.

Mayi Floarea sanamufunse kumene anapita. Anangomupatsa mpeni uja.

"Munthu uja wapita ndi uchitsiru wake, sanagule kanthu. Iwe tchizi ukadali naye. Itana anthu."

Mapulamu akamapsa n'kuti Smaranda ali ndi makasitomala akeake. Gogo wina ankadutsa matebulo onse kulunjika pa iye. "Ine ndimagula kwa uyu," ankatero. "Bodza limafuna lilime lothamanga. Uyu akati tchizi ndi wa dzulo, ndi wa dzulodi."

Kuntchito nako a Tudose anamusenzetsa zolengeza zonse. Kukhale kuyesa mabelu a ngozi, kukhale kuitana munthu kufoni, kukhale kungonena kuti chakudya chapsa kukantini, cholankhulira ankapatsa Smaranda. Masiku oyamba anthu ankangoyang'anana m'makonde. Octav, amene pakamwa pake sipankatsekeka, anamupeza tsiku lina pamzere wa chakudya.

"Smaranda, chonde uziyamba kulengeza m'mawa. Pomwe umamaliza, supu amakhala atazizira."

Kale akanazyolika. Tsiku limeneli anamuyang'ana m'maso.

"Ku-ku Canada u-ukamwa wouma gwa ndi chisanu. Ya-yamba kuzolowera."

Kantini yonse inagwedezeka. Octav anavula chipewa n'kumugwadira, ndipo kuchokera tsiku limenelo ndiye ankakalipira aliyense woyesa kumumalizira mawu mtsikanayo. "Musiyeni afike yekha, akuidziwa njira!"

Chibwibwi sichinathe. Chimene chinatha ndi kuthawa.

Novembala anafika ndi nkhungu yake, ndipo Mayi Cernat anafika naye pamodzi. Ulendo uno mayeso anali oyatsa ng'anjo yeniyeni. Mkati mwa ng'anjomo muli ndodo zimene zimagwira moto. Ukazikweza pang'onopang'ono mphamvu imakwera. Zikagwa pansi zonse, moto umazima pomwepo. Mwambo wa m'chipinda chowongolera ndi wakuti mkulu wa gulu anene chochita, woyendetsa abwereze mawuwo, mkuluyo avomereze, kenako dzanja ligwire.

Smaranda anakhala pampando. A Tudose anaima kumbuyo kwake monga mkulu wa gulu.

"Kweza ndodo yoyamba."

"Ndi-ndikweze ndodo yoyamba."

"Zoona."

Zinayenda choncho, mwadongosolo. Mawu ankadukaduka koma ankafika. Muvi wosonyeza mphamvu unakwera pang'onopang'ono mpaka unaima pamalire amene analoledwa tsiku limenelo. Mayi Cernat anapita pawindo loyang'ana kudziwe kukaona madzi akuwala, atafulatira onse. Smaranda anamva mtima ukuyamba kukhala m'malo. Kunangotsala pang'ono.

"Kweza ndodo yachiwiri," anatero a Tudose.

Smaranda anayang'ana muvi. Unali kale pamalire. Anaganiza kuti mwina ndi msampha wa mayeso, natembenuka kuti awaone. Nkhope yawo inali itatuwa. Maso anali tong'o, koma ankayang'ana pambali pa muviwo, pakhoma popanda kanthu. Mlomo unali utagwera mbali imodzi.

"Kweza... yachiwiri," anabwereza, mawu akulemera ngati m'kamwa muli buledi. Dzanja lawo linayamba kupita lokha ku switchi yokwezera ndodoyo.

Zimene zinadutsa m'mutu mwa Smaranda zinali zambiri, ngakhale nthawi inali yongophethira. Akanatha kuwagwira mkono mwakachetechete, n'kunamizira kuti sanamve. Woyesa anali atafulatira. Ngakhale ndodoyo ikanakwera, makina akanadzizimitsa okha. Palibe akanafa tsiku limenelo, ndipo iye ankadziwa zimenezo. Ankadziwanso kuti mkulu wa gulu akapereka lamulo lolakwika pamaso pa a boma amatumizidwa kwa madokotala, ndipo pa msinkhu wa a Tudose sabwereranso pampando. Awa anali munthu amene anamunyemera buledi. Kukhala chete kukanawateteza, ndipo kukhala chete ndi ntchito imene iye ankaidziwa kuposa ina iliyonse.

Anatchinga switchiyo ndi dzanja lake.

"A-a-ayi," anatero mokweza. "Ayi, amalume. Si-sindikweza. Mpha-mphamvu yafika kale pamalire. Ndi-ndikuzimitsa."

Anamenya batani lofiira. Ndodo zonse zinagwa, khuu, ndipo muvi unatsika. Mayi Cernat anatembenuka.

Smaranda ananyamula cholankhulira. Liwu linakakamira pakhosi monga kale, nsagwada zikunjenjemera, thukuta lili kamukamu. M'nyumba monse zimkuzamawu zinkangomveka mpweya wake. Sanachibweze.

"Ta-ta-ta-tamverani nonse. Ng'anjo ya-yazimitsidwa. Pa-palibe choopsa. Ti-tikufuna dokotala m'chipinda chowongolera. Msa-msanga."

Atatero anadzuka, nawagwira a Tudose m'khwapa, n'kuwakhazika pampando wake. Anawamasula batani la pakhosi, akuwasisita dzanja mpaka dokotala anafika.

Kuchipatala anapeza kuti kamtsempha kena ka m'mutu kanatsekeka. Poti anafika nawo msanga, moyo unapulumuka, koma dzanja ndi lilime zinatsala zolemera. Ntchito inathera pomwepo.

Madzulo a tsikulo Mayi Cernat anamupeza Smaranda akusamba m'manja, madzi akungotayika osawaona.

"Mayeso sitinamalize, a Olaru. Timaliza mawa ndi mkulu wina, ndipo ndikufunsani zonse zimene zatsala." Anatseka mpope uja. Kenako, mayi wosamwetulira uja anamugwira tsaya ngati mwana. "Koma chimene ndinabwerera ndachimva."

Mawa lake Smaranda anakhoza. Chaka chisanathe nayonso Nkhalamba inapatsidwa chiphaso chatsopano, boma litalamula kuti antchito achikulire azipimidwa pafupipafupi ndiponso kuti aphunzitse achinyamata ena.

Mukuganiza kuti anasangalala? Anatenga chiphaso chake n'kuthamangira nacho kuchipatala kuti akawaonetse amalume ake. A Tudose atamuona anatembenukira kukhoma.

"Ukanangondigwira mkono," anatero movutikira. "Zaka zonsezi... osalakwitsapo. Wandichotsa ngati chidakwa... pamaso pa anthu a kulikulu."

Smaranda anaima pamenepo, chiphaso chili m'chikwama. Sanachitulutse. Anayenda wapansi mpaka kwawo, akulira misozi imene sanalire tsiku lolephera lija.

Nyengo yonse yachisanu a Tudose sanamulankhule. Koma Loweruka lililonse Smaranda ankafika ndithu. Ankanyamula madengu a Mayi Floarea, kuwaza nkhuni, kuchotsa chipale chofewa pakhomo kuti bambowo asaterereke ndi ndodo yawo. Akamaliza ankaima pawindo n'kupereka moni mokweza, "Mwa-mwaswera bwanji, amalume?" Yankho kunalibe. Sabata yotsatira ankabweranso.

"Usawatengere," ankatero Mayi Floarea pomupatsira botolo la jamu. "Mwamuna akapunthwa amayamba wakalipira mwala. Ndakhala nawo zaka zambiri awa, ndi bulu, koma bulu wake wamtima."

Pasaka atayandikira, Mayi Floarea anamuuza mosanyengerera. "Lamulungu udzadya kwathu. Usandiyankhe, sindinakufunse."

Smaranda anafika masana, atavala diresi lake labwino. Patebulo panali nyama ya nkhosa, buledi wotsekemera ndi mbale ya mazira owiritsa opakidwa utoto wofiira. A Tudose anakhala kumutu kwa tebulo, ataonda, malaya akuwakhuthukira. Sanadzutse maso pamene iye ankalowa.

Kwathu kuno chakudya cha Pasaka sichiyamba mazira asanagundane. Awiri amatenga dzira aliyense, wina n'kunena kuti Khristu wauka, mnzake n'kuvomera, kenako n'kugundanitsa. A Tudose anasankha dzira nthawi yaitali, akulitembenuza ndi dzanja lawo labwino. Akazi awo anali atakonzeka kale ndi lawo. Koma bambowo anawadumpha, natambasula mkono kudutsa tebulo lonse mpaka pamene panakhala Smaranda.

"Nena ndiwe," anatero. "Lilime langa... likulemera masiku ano."

Smaranda anatenga dzira.

"Khri... Khri... Khristu wa-wauka."

A Tudose anadikira mpaka liwu lomaliza litafika. Kenako nawo anayamba ulendo wawo, pang'onopang'ono, ngati munthu wowoloka mtsinje pamiyala.

"Wa... u... kadi."

Mazira anagundana, phwa. Losweka linali la a Tudose. Analiyang'ana, napukusa mutu.

"Wandigonjetsanso, mwana woipa iwe."

Anayamba kulisenda, zala zikuvutika, ndipo palibe anayerekeza kuwathandiza. Analankhula maso ali padziralo.

"Ndakhala ndikuganiza... nthawi ndinali nayo yambiri. Ukanakhala iwe wolakwitsa, ine pampando... ndikanachita zomwezo. Ukanandibisa tsiku lija, bwenzi ndikudziwa kuti zaka zonsezi... ndinkaphunzitsa mphepo." Anadzutsa maso, ali onyowa. "Chiphaso chija... unabwera nacho? Sindinachione."

Chinali m'chikwama. Smaranda anachitulutsa, nachiika m'manja mwawo. A Tudose anapukuta zala pamalaya asanachigwire. Anachiwerenga chonse, kuyambira pamwamba mpaka pa chidindo, milomo ikuyenda.

"Tsopano tilipo awiri ochedwa kulankhula m'nyumba muno," anatero. "Azakhali ako azitilankhulira."

"Ngati ndayamba lero!" anatero Mayi Floarea, akupukuta maso ndi nsonga ya epuloni. "Nyama ikuzizira, anthu inu."

A Tudose anagawa dzira lija pakati, naika theka m'mbale ya Smaranda.

"Idya, mwana wanga."

Smaranda anali mayi wamkulu ndithu, injiniya wachiphaso cha boma, koma mawu awiri amenewo anali asanawamvepo akunenedwa kwa iye. Anaweramira m'mbale, nadya dziralo ndi mchere wa misozi yake.

Lero Smaranda ndiye mkulu wa gulu loyendetsa Nkhalamba. Achinyamata amene amabwera kudzaphunzira amadabwa tsiku loyamba akamva mawu ake pa zimkuzamawu, koma sabata isanathe amakhala atazolowera kutchera khutu mpaka amalize. A boma akabwera kudzayendera, amadziwa kuti pa gulu lake kanthu sikabisika, kaya kachepe bwanji.

Mwina inunso muli nacho chimene mumabisa, chimene anakusekani nacho muli mwana, ndipo mukudikira kuti chithe kaye musanaimirire pagulu. Mwina sichidzatha. Imirirani nacho chomwecho. Amene akukuuzani zoona zowawa musamuyese mdani, ndipo mukanena zoona n'kutaya nazo bwenzi, musaleke kupita pakhomo pake. Mtima usagwe, m'bale wanga. Tsegulani pakamwa, liwu lanu lituluke ngakhale lodukaduka. Alipo amene akulidikira.